Nyali ya Mpweya wa Matayala Ikamangoyakayaka: Kusiyanitsa Vuto la Mpweya ndi Vuto la Mphamvu ya Sensa

Mwezi wa June ukangofika kuno ku Johannesburg, dandaulo lomwe limachuluka m'malo okonzera matayala ndi la kanyali kachikasu ka pa dashibodi, kooneka ngati kamphika kokhala ndi mfuuliro pakati pake. Dalaivala amapopa matayala madzulo, kanyaliko kamazima, koma m'mawa mwake akangoliza galimoto kamayakanso, ndipo pakatha milungu iwiri ambiri amangosiya kukalabadira, ena mpaka kukamata ndi tepi. Abale athu amene amayendetsa Uber ndi Bolt, komanso amene amanyamula katundu kuchokera ku City Deep kupita kumudzi, awonongapo ndalama posintha zinthu zomwe zinalibe vuto, chifukwa kanyali kamodzi komweka kamanena zinthu ziwiri zosiyana: kuti mpweya wachepa m'tayala, kapena kuti sensa yoyeza mpweyawo yasowa mphamvu yotumizira uthenga. Ntchito yaikulu ili pa kusiyanitsa ziwirizi musanatulutse ndalama.

Yambani ndi mmene nyali yayakira

Njira yoyezera mpweyayi, yomwe m'mabuku a galimoto imalembedwa kuti TPMS, inafala chifukwa cha malamulo a kunja. Dziko la America linakhazikitsa lamulo la TREAD m'chaka cha 2000, anthu ambiri atafa pa ngozi za galimoto za Ford Explorer zokhala ndi matayala a Firestone, ndipo kuyambira mu September 2007 galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zogulitsidwa kumeneko zinayenera kukhala nayo. Mayiko a European Union anachita chimodzimodzi pa galimoto zonse zatsopano kuyambira mu November 2014. Phindu la mbiriyi kwa ife ndi lakuti malamulowo anachititsa kuti nyaliyi izilankhula mofanana pa galimoto zosiyanasiyana. Ikayaka n'kukhazikika osaphethira, ndiye kuti tayala limodzi kapena angapo ataya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mpweya woyenera. Ikaphethira kwa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, kenako n'kukhazikika, ndiye kuti kompyuta ya galimoto yasiya kumva uthenga wochokera ku wilo lina, ndipo kupopa sikungathandize chilichonse. Choncho mukaliza galimoto, yang'anitsitsani dashibodi kwa mphindi ziwiri zoyambirira musanachoke pamalo.

Dziwaninso kuti galimoto zina, kuphatikizapo zambiri za Volkswagen, zilibe sensa m'matayala. Zimagwiritsa ntchito masensa a mabuleki a ABS powerenga liwiro la wilo lililonse, popeza tayala lophwa limachepa msinkhu ndipo limazungulira mofulumira kuposa anzake. Pa galimoto yotere palibe batire la sensa ya m'tayala loti life. Chomwe ambiri amaiwala ndi kuuza kompyuta kuti mpweya wakonzedwa, podina batani lake kapena posankha pa dashibodi, nthawi iliyonse akapopa kapena akasintha tayala. Ngati yanu ndi ya mtundu umenewu, chitani zimenezo, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pomwepo.

Kuzizira ndi kukwera kwa mzinda uno

Nyali ikakhazikika, tengani geji yapamanja n'kuyeza matayala onse m'mawa galimoto isanayende, kapena itaima kwa maola atatu. Nambala yoyenera ili pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire omwe tayalalo lingapirire, ndipo simuyenera kupopa potsatira imeneyo.

Mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar (bar ndi muyezo wa mpweya womwe geji imaonetsa) kutentha kukatsika ndi madigiri 10. M'nyengo yozizira kuno masana kumafunda kufika madigiri 17 kapena 18, koma m'bandakucha kumayandikira 0, ndipo kusiyana kumeneku pakokha kumadya pafupifupi 0.2 bar. Onjezerani kuti munthu amene wapopa atangotsika mumsewu wa M1 wayeza tayala lotentha, lomwe limaonetsa 0.2 kapena 0.3 bar kuposa mmene lilili lenileni. Tayala lomwe linaonetsa 2.2 bar madzulo likhoza kupezeka lili pafupi ndi 1.8 bar kukamacha, ndipo apa nyali ikayaka ikunena zoona ngakhale palibe msomali uliwonse. Mankhwala ake ndi kupopa m'mawa, matayala ali ozizira.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wotizungulira ndi wopepuka ndi pafupifupi 0.18 bar poyerekeza ndi wa ku Durban. Geji yapamanja imayeza kusiyana kwa mpweya wa m'tayala ndi wa panja pomwe mwaimapo. Sensa, popeza ili yotsekeredwa mkati, siidziwa za mpweya wa panja, ndipo galimoto zina zimangowerengera ngati zili m'mphepete mwa nyanja. Zotsatira zake n'zakuti geji imaonetsa 2.2 bar pomwe dashibodi ikuonetsa 2.0 bar. Ngati kusiyanaku kuli kofanana pa mawilo onse anayi, masensa anu ali bwino, ndipo amene angakuuzeni kuti onse afa nthawi imodzi sanaganizire za kukwera kwa mzinda uno. Chifukwa chomwechi chimachititsa kuti geji ionetse nambala yotsikirapo mukatsetsereka mumsewu wa N3 kukafika ku Durban, kapena mukafika ku Tete paulendo wa kumudzi, ngakhale tayala silinabooke. Ku Musina ndi ku Tete kutentha kumabisa kutsikaku n'kukweza nambala, koma musayerekeze kuphwetsa tayala lotentha kuti nambala ibwerere pa ya pachitseko, chifukwa likazizira lidzakhala lopanda mpweya wokwanira pansi pa katundu wolemera.

Likakhala tayala limodzi lokha lomwe likutsika mobwerezabwereza, ndiye kuti likutaya mpweya. Thirani madzi a sopo pa valavu, m'mphepete momwe tayala lakumana ndi limu, ndi pamapazi onse a tayala, n'kuyang'ana thovu. Maenje a m'misewu amapinda malimu pang'ono moti maso saona koma sopo amaona. Pa mavalavu a aluminium, kalabala kotsekera patsinde kamauma ndi zaka, ndipo kamtima ka valavu kakakhala ka brass wosakutidwa ndi nickel kamagwirana ndi aluminium n'kuchita dzimbiri mpaka kukanika kumasuka. Tizipangizo timeneti timagulitsidwa patokha pamtengo wochepa, ndipo sipafunika kugula sensa yonse.

Sensa ikasiya kulankhula

Sensa ya mkati mwa tayala ndi kabokosi kosaposa bokosi la machesi, komangiriridwa kuseri kwa valavu. Mkati mwake muli koyezera mpweya, koyezera kutentha, kozindikira kuti wilo layamba kuzungulira, kawailesi kotumiza uthenga, ndi batire la lithium looneka ngati ndalama yachitsulo. Zonsezi zimakwiriridwa mu guluu wolimba kuti chinyezi ndi kugwedezeka zisaziwononge, n'chifukwa chake batirelo silinapangidwe kuti lizisinthidwa. Kawirikawiri limakhala zaka 5 mpaka 10, koma zaka zokha sizinena zonse. Galimoto ikaima sensa imagona, n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Ikafika liwiro la makilomita 20 kapena 30 pa ola, sensa imayamba kutumiza uthenga pafupipafupi, ndipo kawailesiko ndi kamene kamadya mphamvu yochuluka. Galimoto yonyamula anthu kuyambira m'mawa mpaka usiku pakati pa Rosettenville, Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo imatha mabatire ake msanga kuposa ya munthu amene amangopita nayo ku tchalitchi Lamlungu, ngakhale zonse zinagulidwa chaka chimodzi.

Batire lotopa limayamba kudziulula m'mawa wozizira, chifukwa kuzizira kumafooketsa mphamvu yake yotsalayo. Mukayenda mphindi 10 kapena 20 nyali imayamba kuphethira, ndipo pa galimoto zoonetsa nambala ya tayala lililonse, pamalo a wilo limodzi pamangooneka timizere. Masana kukafunda zonse zimabwerera m'malo, munthu n'kuganiza kuti vuto latha lokha. Pakapita milungu ingapo limakhazikika. Kufanana kwa nthawi kumeneku ndi kumene kumasocheretsa anthu, popeza mpweya wotsika ndi batire lofooka zonse zimaonekera m'mawa wa June, ndipo chozisiyanitsa ndi kuphethira kuja pamodzi ndi geji yapamanja.

Malo abwino okonzera matayala amakhala ndi kachipangizo kogwira m'manja komwe kamadzutsa sensa ndi mafunde a 125 kHz n'kuwerenga nambala yake, mpweya, kutentha, ndi mmene batire lilili. Pemphani kuti ayeze mawilo onse anayi asanachotse tayala lililonse. Imodzi ikapezeka kuti yafa galimoto ili ndi zaka 7 kapena 8, zinzakezo ndi za msinkhu womwewo ndipo zili m'njira, choncho n'kwanzeru kuzisintha pamene mukuika matayala atsopano kuti ntchito yomasula ndi kubalansa muilipire kamodzi. Alipo amisiri amene amakumba guluu uja n'kuwotcherera batire lina. Ine sindilimbikitsa zimenezi, chifukwa batire la lithium silifuna moto wa chowotcherera, ndipo powotchererapo pakaduka ndi kugwedezeka, mudzalipiranso kumasula tayala lomwelo.

Musanaweruze batire, chotsani kaye zifukwa zosavuta. Machaja otchipa a foni ndi makamera ena a pa galasi lakutsogolo amatulutsa phokoso la mafunde lomwe limaphimba uthenga wa sensa, choncho zulani zonse zolumikizidwa ku magetsi a galimoto n'kuyenda mphindi 20. Ngati vuto linayamba tsiku lomwe tayala linamasulidwa, n'kutheka kuti makina omasulira anaphwanya sensa, ndipo nthawi zina mumamva kanthu kakugubuduka mkati mukagwedeza wilo. Mankhwala amadzimadzi otsekera pobooka amatha kutseka kabowo komwe sensa imayezera mpweya. Matayala akasinthanitsidwa malo, galimoto zina zimafuna kuphunzitsidwanso kuti sensa iliyonse ili pati, apo ayi zimaloza wilo lolakwika. Tayala la sipeya nalo likhoza kukhala ndi sensa yakeyake yomwe palibe amene waikumbukira, kapena kukhala lopanda sensa, moti mukaliika nyali imaphethira.

Kwa amene amagula zipangizo kuno n'kutumiza kumudzi pali msampha wina. Masensa ambiri ogulitsidwa ku South Africa amalankhula pa mafunde a wailesi a 433 MHz, monga a ku Ulaya, pomwe galimoto zambiri zopangidwira msika wa ku Japan ndi ku America zimagwiritsa ntchito 315 MHz. Popeza galimoto zambiri za ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi zakale zochokera ku Japan, sensa yatsopano yogulidwa ku Booysens kuno ku Johannesburg ikhoza kukwanira bwino pa limu koma osamvana ndi galimoto mpang'ono pomwe. Uzani m'bale wanuyo kuti ajambule sensa yakale, chifukwa nambala ya mafunde imalembedwa pathupi pake.

Mphamvu yochokera m'kuzungulira kwa tayala

Popeza batire ndilo gawo lofooka, akatswiri akhala akufufuza kwa zaka zambiri mmene wilo lomwe likuzungulira kale lingadyetsere sensa yake. Amene anapalasapo njinga ya dayinamo usiku amadziwa kale ubwino ndi kuipa kwa ganizoli: palibe batire logula, koma nyali imawala mukamathamanga, imachita chizimezime pachitunda, ndipo imazimiratu mukaima. Sensa imafuna mphamvu yochepa kwambiri kuposa nyali ya njinga, koma chikhalidwe chake n'chomwecho.

Njira zazikulu zilipo zitatu. Yoyamba imagwiritsa ntchito zinthu za piezoelectric, zomwe zimatulutsa magetsi zikapindidwa kapena kumenyedwa, monga zimachitikira mu laita yoyatsira gasi mukaidina. Yachiwiri ndi kamaginito koyenda mkati mwa waya wopiringizidwa, mofanana ndi dayinamo ija. Yachitatu ndi magetsi obwera chifukwa cha kukhudzana ndi kulekana kwa zinthu ziwiri, omwe ana asukulu amawaona akakhutiza cholembera m'tsitsi n'kunyamula nacho tizidutswa ta pepala. Kampani ya Sumitomo Rubber, yomwe ili ndi fakitale ya matayala a Dunlop ku Ladysmith m'chigawo cha KwaZulu-Natal, inalengeza mu 2019 kuti mogwirizana ndi Pulofesa Hiroshi Tani wa ku Kansai University yapanga chipangizo cha mtundu wachitatuwu. Chimamatidwa mkati mwa tayala, ndipo timapepala take tiwiri timakhudzana n'kulekana nthawi iliyonse mbali imeneyo ya tayala ikaphwatalala poponda msewu.

Kuvuta kwa ntchitoyi kumamveka bwino munthu akawerengera. Tayala la galimoto yaing'ono limayenda pafupifupi mamita 2 likazungulira kamodzi, choncho pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo 14 pa sekondi, pomwe pa makilomita 20 pa ola limazungulira katatu kokha. Chipangizo chomwe chatchunidwa kuti chizigwedezeka bwino pa liwiro limodzi chimapereka zochepa pa liwiro lina. Komanso pa makilomita 100 pa ola, kanthu kalikonse komatidwa mkati mwa mapazi a tayala kamakankhidwira kunja ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo pafupifupi 250, moti kamaginito kamene kamayenera kuyendayenda kamatha kukanikizidwa pakhoma n'kusiya kusuntha nthawi yomwe galimoto ikuthamanga kwambiri. Pa moyo wa tayala wa makilomita 50,000, chipangizocho chimapindika maulendo pafupifupi 25 miliyoni, m'malo otentha ndi ogwedezeka. Izi ndi zina mwa zifukwa zomwe masensa pafupifupi onse omwe mungawapeze m'galimoto za mumzinda uno lero akadali a batire, ndipo odzipangira mphamvu akadali kwambiri m'manja mwa ofufuza ndi m'mayesero a makampani.

Ngakhale zili choncho, amene amasamalira mathiraki ndi mabasi a makampani ayenera kudziwa mmene sensa yotere imalakwikira, chifukwa zizindikiro zake n'zosiyana ndi za batire. Mphamvu yokololedwa imasungidwa mu kapasita yaing'ono (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi), ndipo imatha galimoto ikaima nthawi yaitali. Kukhala chete kwa sensa m'mawa, kapena thiraki itagona masiku pamzere wa pachipata cha Beitbridge, si umboni wakuti yawonongeka, koma kukutanthauzanso kuti tayala lomwe laphwa usiku silidziwika mpaka mawilo atazungulira, ndiye geji yapamanja ndi yofunikabe musananyamuke. Sensa yomwe imasowa mumndandanda wa galimoto pa mphambano ya misewu ikuluikulu ya Gillooly's n'kubwerera msewu ukatseguka ikukolola zochepa kuposa zomwe ikudya, ndipo ngati kale sinkatero, ganizirani kuti kapasita yafooka ndi kutentha kapena kachipangizo kopanga magetsi kang'aluka. Yomwe imalankhula bwino mumzinda koma n'kukhala chete mukathamanga mumsewu wa N1 ili ndi vuto la kukanikizidwa lija. Yomwe yakhala chete mwadzidzidzi mutagunda dzenje ikhoza kukhala kuti yamatuka mkati mwa tayala. Njira yoyezera ndi kuyenda mphindi 15 pa liwiro lokhazikika la makilomita 60 kapena 80 pa ola, n'kulemba liwiro lomwe uthenga wayambira ndi lomwe wasowera, popeza malire awiriwa ndi amene amaloza gwero la vuto. Kumbukiraninso kuti sensa yomatidwa pa tayala imapita ndi tayalalo likatayidwa, ndipo womata chigamba ayenera kuuzidwa kuti mkatimo muli chipangizo asanayambe kupala.

Za zida zolembedwa kuti ndi za sola

M'masitolo a zipangizo za galimoto ndi pa intaneti mwadzaza zida zoonjezera zomwe ogulitsa amati ndi za sola, ndipo ambiri amazigula poganiza kuti apulumuka ku mabatire. Dzuwa limangodyetsa kawailesi koonetsa manambala koikidwa pa dashibodi. Masensa anayi omangidwa pa mavalavu m'malo mwa tizitsekero amakhalabe ndi timabatire tawotawo, kawirikawiri ta CR1632, tomwe timatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale ubwino wake ndi wakuti mungatisinthe nokha. Wilo limodzi likasowa pa kawailesiko, masulani sensa yake, sinthani batire, ndipo onetsetsani kuti kalabala kotchinga madzi kabwerera m'malo mwake. Akasowa onse anayi, vuto lili pa kawailesiko, makamaka ngati galimoto imagona m'galaja yapansi kumene dzuwa silifika, ndipo kamafunika kutchajidwa ndi chingwe.

Masensa akunjawa amakanikiza kamtima ka valavu nthawi zonse kuti amve mpweya, kotero kuti chotsekera mpweya chimakhala kalabala ka mu sensamo, ndipo kakatha, chipangizo chomwe munagula kuti chikuchenjezeni za kuphwa ndicho chimaphwetsa tayala. Mukangomanga, thirani madzi a sopo. Kulemera kwake kumapindanso valavu ya labala galimoto ikamathamanga mpaka kung'aluka patsinde, choncho pa galimoto yoyenda maulendo ataliatali ikani mavalavu achitsulo, ndipo ngati valavu ndi ya aluminium pomwe mano a sensa ndi a brass, muzimasula sensayo kamodzi pa mwezi kuti ziwirizo zisagwirane ndi dzimbiri.